Khasu la Yoramu

Yoramu Ngozo atangomangidwa pa mlandu wopha Maynard, anthu a ku Biriwiri anadzuka onse ali akatswiri odziwa mtima wake. Munthu amene kwa zaka zonsezi ankangomupatsa moni n'kudutsa, tsopano aliyense ankati anamuonera kale kuti adzachita zimenezi. Ngakhale amene sankadziwa kuti ali ndi ana angati, nawonso anali ndi mbiri yake yonse pakamwa.

Chikhalirecho zimene zinkadziwika zinali zochepa. Yoramu ndi Maynard anali ndi madimba oyandikana m'munsi mwa phiri, ndipo onse ankathirira mbatatesi zawo ndi ngalande imodzi yochokera kumtsinje. M'chilimwe madzi akachepa, alimi a pangalandeyo ankagawana masiku. Lachiwiri linali la Maynard, Lachitatu la Yoramu. Lachiwiri lina m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, Maynard anapezeka atafa pamphambano ya ngalande, ali ndi bala kumutu. Madzi, pa tsiku la Maynard lomwelo, ankathamangira m'dimba la Yoramu. Pambali pa mtembo panali khasu, ndipo pampini pake panali zilembo Y.N. zowotcha ndi chitsulo.

Apolisi atamufunsa, Yoramu anavomera kuti khasulo ndi lake. Kupitirira apo, ziii. Sanakane mlandu, sanauvomere, sanafotokoze kanthu. Masabata atatu anatha ali pa rimandi ku Boma, ndipo kukhala chete kwakeko n'kumene kunapatsa anthu ntchito.

Mkazi wake Lufina ankagulitsa mbatatesi ku Lizulu, m'mbali mwa msewu, ndipo sakanasiya, pajatu ana amadya ngakhale bambo awo ali m'ndende. Anzake a pamsika anali ndi ulemu ndithu: ankadikira kuti atembenukire kaye kwa kasitomala ndiye n'kuyamba. Koma ku Lizulu kuli mphepo, ndiye mawu onse ankamupeza.

“Ndi Joni ameneyo,” ankatero Allan, wokweza matumba m'malole. “Munthu wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akulondera munda wa mzungu ku Joni, mfuti ili m'manja, mukuti magazi angawaopenso? Amene amabwerako kumene kuja amabwera ndi mutu wina.”

“Inu musanamizire Joni,” ankayankha Emma, wogulitsa kabichi moyandikana ndi Lufina. “Ndi kufatsa kuja. Mwamuna wabwinobwino amakalipa, amatukwana, mawa waiwala. Uyu ndani anamumvapo akukweza mawu? Ankasunga zonse m'mimba, ndiye zamutulukira tsiku limodzi.”

Ena ankati ndi nsanje, chifukwa mbatatesi za Maynard zinkakula kuposa za aliyense pangalandepo. Ena ankati ndi zizimba, kuti munthu akafuna kulemera msanga amauzidwa zachilendo. Panalinso amene ankanong'ona kuti Yoramu ali mnyamata anafunsirapo Eliza, mkazi wa malemuyo, n'kukanidwa. Imeneyi Lufina anali asanaimvepo, ndipo tsiku limenelo mulu wake wa mbatatesi unagumuka kawiri konse.

Koma chimene chinkamudya Lufina si mabodzawo ayi. Chinali chakuti iye yekha ndiye ankadziwa mmene khasulo linafikira pangalande, ndipo anali asanauze munthu aliyense.

Lachiwiri lija anadzuka kukungocha, mwamuna wake akadali mtulo. Mbatatesi zawo zinali zitayamba maluwa, nthawi imene zimafuna madzi kwambiri, ndipo masamba anali atalefuka ndi dzuwa. Anali atamuuza Yoramu kangapo kuti akapemphe Maynard ola limodzi lokha, koma Yoramu ankangoti, “Tsiku lathu ndi Lachitatu, mayi a Tracy.” Ndiye Lufina, mayi wotsogolera nyimbo kutchalitchi, amene atsikana ankauzidwa kuti azitengera chitsanzo chake, anatenga khasu la mwamuna wake n'kupita kukaba madzi.

Anagumula dothi lotseka njira ya kudimba kwawo, n'kuliunjika panjira ya kwa Maynard. Madzi atangoyamba kuyenda, anamva mawu kumtunda: “Wakuba! Ndakuona!” Anali Maynard, akutsika phiri chothamanga pamiyala yoterera. Lufina anataya khasu n'kulowa m'mabango. Duku lake linakodwa penapake koma sanalibwerere. Sanacheuke n'komwe, ndipo anadzera njira yozungulira kuti asakumane ndi anthu.

Atafika kunyumba anapeza Yoramu kulibe. Mwamunayo anabwera patapita nthawi, buluku litanyowa mpaka m'mawondo, khasu alibe. Anaima pakhomo n'kumuyang'ana Lufina nthawi yaitali, mayang'anidwe amene mkaziyo anali asanawaonepo. Tiyi sanamwe. Pasanathe ola, mfuu inamveka kumadimba.

Zotsalazo Lufina analumikiza yekha. Yoramu atadzuka anapeza khasu palibe, anadziwa kumene lapita, n'kulitsatira. Anakumana ndi Maynard ali wolusa, mwina akutukwana mkazi wake. Khasu linali pomwepo. Apa maganizo ake ankaima, kenako n'kuyambiranso poyamba.

Ndipotu ukayamba kumufufuza munthu, umboni umangoupeza paliponse. Lufina anakumbukira mmene Yoramu amaphera mbuzi pa Khirisimasi, osaphethira, osalankhula, n'kupukuta mpeni paudzu. Anakumbukira kuti za ku Joni sanazinenepo, kupatula kuti kumazizira. Nanga chipsera cha pamkono chija, chimene ankati ndi waya, chinalidi cha waya? Ngakhale chizolowezi chake chowotcha zilembo pa chipangizo chilichonse, mpaka pa nkhwangwa ndi pa wilibala, chimene kale Lufina ankachiseka, tsopano chinkaoneka ngati cha munthu wosakhululuka chake chikakhudzidwa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za ukwati anazitembenuza chimodzichimodzi ngati mbatatesi za pamulu, kufunafuna yowola, ndipo chilichonse chinkaoneka kuti chili ndi kadontho. Anayamba kumuopa mwamuna wake, ndipo ankachita manyazi kuti akumuopa.

Sabata yachitatu kunabwera mlongo wake Chiyembekezo kuchokera ku Nsipe. Ameneyu sanali munthu wozungulira polankhula.

“Achemwali, wapolisi uja wati mukapereke sitetimenti Lachisanu. Mukanene zimene munaona. Alamu anatuluka, anabwera atanyowa, khasu alibe. Basi. Mukatero mutenge ana mubwere kumudzi. Munthu wotere mudziwa bwanji? Mwina wotsatira mukanakhala inu.”

Lufina anavomera. Zonse zimene akanakanena zinali zoona, ndipo ankadziwanso kuti mawu amenewo akalembedwa, Yoramu sadzatulukanso. Za madzi zokha n'zimene anaganiza zozisiya. Kodi zikanasintha chiyani? Wakupha ndi wakupha, kaya khasu linafika bwanji pamalopo. Lachinayi madzulo anapinda zovala zake ndi za ana, n'kuziika m'chikwama chachikulu chimene Yoramu anabwera nacho ku Joni.

Lachisanu anakwera minibasi ya ku Boma. Asanapite kupolisi anaganiza zodzera kundende, koyamba chimangidwireni mwamuna wake. Ankadziuza kuti akukapereka chakudya, koma mumtima ankadziwa kuti akufuna kumva chifukwa kuchokera pakamwa pa mwini wake. Zifukwa za ku Lizulu anali atatopa nazo.

Analawa chakudya pamaso pa msilikali wa ndende monga zimakhalira, kenako anadikira. Yoramu anatuluka atawonda, ndevu zitamera zoyera, n'kudzaima kuseri kwa waya.

“Ana ali bwanji?”

“Ali bwino. Tracy akungokufunsani.”

“Mbatatesi zija munathirira?”

Lufina anapsa mtima. Munthu ali pa mlandu wakupha, akufunsa za mbatatesi!

“Bambo a Tracy, anthu atopa kukuyankhirani. Ena akuti ndi Joni, ena akuti ndi nsanje, ena akuti ndi Eliza. Ine ndine mkazi wanu, ndiuzeni ndimve kwa inu. Munamupheranji?”

Yoramu anamuyang'ana monga anachitira pakhomo tsiku lija. Anacheukira msilikali, amene anali atatanganidwa ndi foni yake, kenako anatsitsa mawu.

“Mukundifunsa ine?”

“Nanga ndifunse ndani?”

“Ine ndinamupeza atagwa chafufumimba m'madzi, mayi a Tracy. Ndinamuvuula, koma anali atapita kale. Khasu langa lili pambali, duku lanu lobiriwira lija lili pabango.” Anacheukiranso msilikali. “Dukulo ndinalisomeka m'denga la khola la nkhuku. Mukapita mukalitenthe.”

Lufina anagwira waya.

“Nanga khasu? Bwanji simunalitenge?”

“Madzi anali atadzaza kale m'dimba mwathu. Aliyense akanaona kuti wapatutsa ndi wa m'nyumba mwathu, ndipo m'nyumbamo akuluakulu tilimo awiri. Khasu lili ndi dzina langa, ndiye ndinalisiya.”

Anazinena mofatsa, mmene ankanenera kuti tsiku lawo ndi Lachitatu.

“Ndiye masabata onsewa mwakhala mukuganiza kuti ine…”

“Ndakhala ndikuganiza zambiri. Muno nthawi ilimo.” Yoramu anakanda ndevu. “Ndimati mwina anakugwirani dzanja, mwina anakutukwanani, inu ndi mtima wanu wapachala uja. Ndinakumbukira tsiku limene munagenda galu wa aneba n'kumuthyola mwendo chifukwa cha mazira. Ndinakumbukira zambiri. Koma ndimati simunafune, zinangochitika.”

Maso ake anatsikira pa manja a Lufina, amene anali atakumbatira waya, n'kukhala pomwepo.

“Simunamumenye?”

“Ndinathawa! Ndinangomva akukuwa, ndinataya khasu n'kuthawa. Sindinamukhudze, Mulungu ndi mboni!”

Msilikali anadzutsa mutu, kenako anabwerera pa foni yake. Yoramu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Lufina anaona kuti mwamuna wake akufuna kumukhulupirira ndipo akuyesetsa, monga mmene nayenso ankayesetsera kumukhulupirira iye. Palibe mwa awiriwo amene anaona mmene Maynard anagwera, kaya anaterereka pamiyala, kaya chinachitika n'chiyani. Aliyense anali ndi mawu a mnzake okha basi.

Koma panali kusiyana kumodzi, ndipo kunamulasa Lufina mumtima. Onse awiri anaganizirana zakupha. Yoramu ataganiza choncho, anasiya khasu la dzina lake pambali pa mtembo. Lufina ataganiza choncho, analongedza chikwama.

“Musakanene kanthu kwa munthu,” anatero Yoramu msilikali atanena kuti nthawi yatha. “Ana akufuna mayi awo. Mwamva, mayi a Tracy?”

Lufina anatembenuka n'kutuluka.

Kuchokera kundende kupita kupolisi si patali, koma Lufina anayenda ngati wasenza thumba lodzaza. Ankadziwa bwino zimene zikubwera. Ku Lizulu anthu apeza ntchito yatsopano. Emma anena kuti anamuonera kale, kuti mkazi woimba mokweza chonchija amabisa zinazake. Allan akumbukira za galu uja. Kutchalitchi nyimbo atsogolera wina, ndipo Eliza sadzamuyang'ananso kumaso. Mwinanso lero lomwelo sabwerera kunyumba, ndipo Tracy aphikira azing'ono ake yekha. Anaima kamodzi pansi pa mtengo, akuyang'ana maminibasi opita ku Nsipe akuitanira anthu, kenako anapitirira.

Wapolisi wofufuza mlanduwo anamulandira bwino, n'kumupatsa mpando. Anatulutsa pepala, anayesa cholembera pakona, kenako anamuyang'ana.

“Mayi, musaope, sitichedwa. Tiyambe apa. Lachiwiri lija, amuna anu anatuluka nthawi yanji?”

Lufina anapukuta manja pachitenje.

“Bwana, lembani kaye nthawi imene ndinatuluka ine.”