Kalata Imene Mayi Doroteia Anakana Kulemba

Lolemba madzulo Gervásio anatsika shapa, kaminibasi konyamula anthu, pa Furancungo, chikwama chili paphewa. Mkazi wake Ilda atamuona akulowa pabwalo, anamuchingamira modabwa. Munthuyu anachoka mbandakucha kupita ku Tete kukatenga kamiyau, galimoto lalikulu la katundu limene amayendetsa, ndipo nthawi imeneyo amayenera kukhala ali panjira ya ku Beira.

"Bambo a Vanessa, kwagwanji?"

"Andiimitsa ntchito miyezi itatu," anatero Gervásio, n'kukhala pansi osavula nsapato. "Pageti la kuntchito pali bafometuru, kachipangizo kouzira kaja. Ndauzira, kaonetsa mowa. Shefe, bwana wathu uja, wati zikadzachitikanso, ndidzapitiretu."

"Mowa wanji? Lero simunalawe kanthu."

"Ndi zomwe ndawauza. Ndinamwa dzulo, pa foliga yanga, tsiku langa lopuma, pamudzi pa bambo anga. Zaka khumi ndi chimodzi sindinamwerepo pachiwongolero. Iwo akuti zimenezo alibe nazo ntchito."

Dzulo lakelo banja lonse linali ku Chidzolomondo kumanga chiliza cha bambo a Gervásio. Poyamba iye anakana mowa, nati mawa ali ndi ulendo. Koma mkulu wake Avelino anamuikira chikho m'manja pamaso pa anthu. "Iwe, ukukana mowa wa bambo ako? Kamiyau ndiye anakubereka?" Anthu anaseka, Gervásio anamwa. Atatha masese anabwera kachasu, ndipo pofika kunyumba anachita kumutsitsa pa njinga yamoto. M'mawa Ilda anamutenthetsera madzi osamba, namuphikira khofi wakuda, namufinyira mandimu awiri. Anamununkhiza m'kamwa, nati, "Pitani, watha."

Lachiwiri Avelino anabwera kudzapepesa, atanyamula nzeru yake. "Mlamu, nkhaniyi ndi yaing'ono. Pitani kwa enferimeira, namwino uja mumapemphera naye. Alembe kalata kuti mphwangayu amamwa mankhwala a chifuwa. Ena mwa mankhwala aja amakhala ndi mowa. Shefe akaona chidindo, basi."

"Bwanji osapita inuyo, alamu?"

"Ine ntchito ya fodya yandigwira. Komanso azimayi mumamvana."

Gervásio anangoyang'ana pansi, ndipo Ilda anapita yekha.

Mayi Doroteia anali enferimeira wochokera ku Tsangano, ndipo anali atagwira ntchito pachipatala cha pa Furancungo zaka zinayi. Ilda anadikira mpaka odwala onse atatha, kenako analowa n'kufotokoza motsitsa mawu. Mayi Doroteia anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amake Vanessa, kalata imeneyo sindilemba."

"Mayi, tili ndi ana anayi. Munthuyu si chidakwa. Anasamba, anamwa khofi, fungo linalibe. Chipangizo chija n'chabodza."

"Chipangizo sichinaname. Mowa sukhala m'kamwa, umakhala m'magazi. Chimene chimauchotsa ndi chiwindi, ndipo chimachotsa pang'onopang'ono. Khofi amangotsegula maso. Madzi amatsuka khungu. Munthu akamwa kwambiri tsiku lonse, akhoza kudzuka, kuvala bwino, kupereka moni wabwino, mowa ukadali m'thupi mpaka masana. Ndipo ngakhale utatha, matsire amachedwetsa phazi pa buleki."

"Koma linali tsiku lake lopuma."

"Inde, linali lake. Koma mowa sudziwa kuti foliga yatha."

Ilda anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndimayesa ndinu mnzanga."

Mayi Doroteia anatseka kaundula amene anali patebulo. "Mkulu wanga ankagulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu kwathu ku Tsangano. Tsiku lina m'mawa, dzuwa litakwera kale, kamiyau anasiya msewu n'kumupeza pomwe anakhala. Woyendetsayo ndinamuona ndi maso angawa. Sankadzandira. Ankanunkhira sopo. Ankalira, akuti anamwa dzulo lake basi. Ana awiri a mkulu wangayo ndikulera ndine. Ndiye inu mukuti nditenge chidindo changa ndikabise mowa wa munthu woyendetsa matani makumi atatu?"

Ilda anaimirira kuti azipita.

"Amuna anu ali ndi mwayi kuti chinawaimitsa ndi chipangizo pageti," anapitiriza Mayi Doroteia. "Pitani mukawafunse pepala la malamulo limene anasainira polowa ntchito. Muwerenge nonse awiri."

Pepalalo analipeza pansi pa sutikesi, litapindidwa kanayi. Gervásio anawerenga Chipwitikizicho, akumasulira mkazi wake. Lamulo la empureza, kampani yawoyo, linkati woyendetsa asamwe mowa m'maola makumi awiri ndi anayi asananyamuke, ndipo pouzira chipangizo pazioneka ziro. Linkatinso amene wamwa aimbe foni ulendo usanafike, kuti amusinthire tsiku.

"Ndiye kuti mukanangoimba foni?" anafunsa Ilda.

"Akanandikalipira, koma kamiyau ndikanakhala naye." Gervásio anaponya pepalalo pamphasa. "Masabata atatu ndimagona m'kabini ngati mbuzi. Ndikabwera kwathu masiku awiri, limodzi n'lawonso. Moyo wanji umenewu?"

"Ndi wowawa," anatero Ilda. "Koma inenso ndinakununkhizani n'kukuuzani kuti pitani. Mukanapha munthu, mandimu aja akanakhala anga."

Miyezi itatuyo inali yaitali. Gervásio analima chimanga ndi manja amene anazolowera chiwongolero, mpaka anatuluka matuza. Pamsika anthu ankamufunsa mwachipongwe kuti kamiyau wamuimika pati. Amene anaseka tsiku la chiliza aja ndi omwe ankati, "Munthu wamkulu osadziwa malire." Avelino sanapondenso pakhomopo.

Atabwerera ku Tete, anapeza shefe atapereka kamiyau wake kwa wina. Iyeyo anapatsidwa wakale, wa mpando wong'ambika, wotentha ngati ng'anjo. Anaulandira osatsutsa.

Patapita miyezi iwiri kunali ukwati wa mwana wa Avelino. Unali Loweruka, ndipo Gervásio amanyamuka Lamulungu masana. Ilda anaphikira mwamuna wake thobwa, nalithira m'chigubu n'kupita nalo. Pakati pa madyerero Avelino anabwera ndi botolo.

"Mphwanga, lero ndiye usandichititse manyazi."

"Achimwene, mawa ndili pamsewu. Sindimwa."

"Kakapu kamodzi kokha."

"Pa chiliza munateronso. Miyezi itatu ndinakhala pansi, inu simunabwere n'komwe kudzafunsa ngati ana adya."

Avelino anatembenuka, nauza amene anali pafupi kuti ntchito ya ku tauni yamudyera m'bale wake. Mpaka lero awiriwa amangopatsana moni wapakamwa. Gervásio zimamupweteka, ndipo sabisa.

Lamulungu anauzira chipangizo pageti, chinaonetsa ziro. Papita chaka tsopano chikuonetsabe ziro. Akafuna kumwa, amamwa tsiku lofika, pang'ono, ndipo tsiku loti mawa lake ali ndi ulendo salawa. Ilda ndiye amasunga tsiku ndi ola lonyamukira, amalemba pakalendala ya kukhoma kuti mlendo aliyense aziona.

Phunziro lake nali. Woyendetsa kamiyau, mowa wa dzulo umakwera nawe m'kabini. Kusamba, khofi ndi mandimu siziuchotsa. Imauchotsa ndi nthawi yokha. Werenga lamulo la pantchito pako, uwerengere maola kubwerera m'mbuyo kuchokera pa ola lonyamukira. Ngati wamwa, imba foni, usagwire chiwongolero. Ndipo inu abale, munthu akati mawa ali ndi ulendo, musamuikire chikho m'manja. Ntchito ikamuthera, kapena akapha munthu pamsewu, inu mudzakhala muli kumunda kwanu.