Mapazi a Loyce

Hilda Nampinga anabwerera kwawo kwa Nazombe mayeso omaliza a unamwino atayandikira. Munali mu 1999, nthawi yokolola, kampeni ya chisankho ili mkati. Kukoleji anawamasula kuti aliyense akawerenge payekha, ndipo Hilda anaona kuti kumudzi kukakhala bata kusiyana ndi kuhositelo.

Womufunsa mafunso anali mkulu wake, Loyce. Iyeyu sukulu analekezera sitandade 8 chaka chomwe bambo awo anamwalira, koma Chingerezi ankawerenga ndithu, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Tsopano anali ndi pathupi poyamba, atakhala zaka zambiri pabanja anthu akumunena. Mwamuna wake, Dyson, ankakonza njinga pa Chiringa.

Masana ankakhala pakhonde, Loyce atagwira buku, Hilda akusenda chinangwa cha makaka. Loyce ankawerenga funso, kenako n'kulibwereza m'Chichewa kuti nayenso alimve.

"Mwana watsegula m'mimba. Udziwa bwanji kuti madzi amuthera m'thupi?"

"Liwombo limalowa, maso amalowa, khungu ukalitsina silibwerera msanga."

"Wasiya china."

"Sakodza kawirikawiri."

"Eya. Koma unayamba wakanda m'mutu. Kumayeso kulibe achemwali okudikira."

Anadutsa malungo, chifuwa chachikulu, mabala a moto, kawerengedwe ka madontho a diripi. Loyce ankasangalala nazo kuposa mwiniwake. Akapita kumjigo ankauza anzake kuti iyenso akulemba nawo mayesowo.

Tsiku lina anafika pa mutu wa uzamba. Loyce anawerenga funso, anaima, n'kuliwerenganso.

"Akuti mayi woyembekezera wabwera. Mutu ukumupweteka kwambiri, akuona zinthu mwachimbuuzi, nkhope ndi manja zatupa. Uchita chiyani?" Anaseka. "Iwe, ameneyutu ndine. Andilemba m'buku."

Hilda anasiya mpeni. Mapazi otupa a Loyce anawaona tsiku lomwe anafika, koma anangoti ndi mmene amakhalira amayi miyezi ikatha. Nkhope ankaiona ngati kunenepa. Anagwada, nadina chala pamwendo wa mkulu wakeyo. Atachotsa, panatsala dzenje.

"Mutuwo unayamba liti, achemwali?"

"Papita masiku. Ndimangomanga duku molimba."

"Kusikelo anakuyezani bipi?"

"Makina akuti anafa kalekale. Amangotikweza pasikelo n'kutipatsa timapiritsi tofiira tija."

Amayi awo, omwe ankapeta mapira chapafupi, anaika lichero pansi.

"Hilda, matenda satchula pa munthu wapakati. Kutupako ndiye kuti mwana ndi wamkulu. Inenso ndinatupa pa iwe."

"Amayi, izi n'zina. Magazi akuthamanga kwambiri. Akhoza kukomoka nthawi iliyonse."

Mayiwo anayankha m'Chilomwe, chinenero chomwe ankabwererako akapsa mtima. Anati mwana wa dzulodzulo asawaphunzitse za uchembere. Koma Dyson atamva nkhaniyo sanatsutse. M'mawa mwake anamangirira pilo pakaliyala, namukweza mkazi wake. Hilda anabwereka njinga ina n'kumawatsatira.

Pachipatala chaching'ono cha m'deralo anapeza namwino mmodzi yekha, Mayi Gondwe a ku Rumphi, ndi mzere wa anthu wofika pansi pa mtengo. Hilda anadzitchula kuti ndi wophunzira, nafotokoza zomwe anaona. Mayi Gondwe anayang'ana nkhope ya Loyce, anamugwira manja, n'kumulowetsa pomwepo.

"Mwaona bwino, mwanawe," anatero motsitsa mawu ali pakhomo. "Ndi zomwezo."

"Ndiye timupatse mankhwala otsitsa bipi, ndi jakisoni woletsa kukomoka."

Mayi Gondwe anatsekula kabati. Munali panado, mabandeji, ndi makatoni opanda kanthu.

"Otsitsa bipi anatha chisanathe Pasaka. Jakisoni wokhazika thupi pansi ndatsala naye mmodzi. Ndimusunga mpaka zitavuta."

Anapita pa wailesi ya mauthenga kukaitana ambulansi. Wakuofesi anayankha kuti galimoto yatuluka, adikire. Atafunsanso dzuwa lili pamutu, anauzidwa kuti yapita kukatuta mipando ya msonkhano wa ndale, ibwera ikamaliza. Mayi Gondwe sanakalipe. Anangobwezera cholankhulira pamalo pake n'kuitana wodwala wotsatira.

Dyson anapita kumsewu kukasaka galimoto. Matola ambiri anali atapita kumsonkhano komweko, atadzaza amayi ovala nsalu zachipani. Hilda anatsala pambali pa bedi. Anatseka mawindo kuti muchite kamdima, anamugoneka Loyce chammbali, nauza anthu a pakhonde kuti achepetse phokoso. Zomwe akanatha kuchita ndi manja ake zinathera pomwepo. Zotsalazo ankazidziwa zonse, dzina la mankhwala, mlingo wake, malo obaya, koma zinali m'mutu mwake basi.

"Lero undifunse ineyo mafunso aja," Loyce anatero, maso ali chitsinzinire.

"Gonani, achemwali."

Dzuwa litapendeka, milomo ya Loyce inayamba kunjenjemera. Kenako thupi lonse linauma n'kuyamba kuphupha. Hilda anamugwira kuti asagwe, akukuwa kuitana. Mayi Gondwe anathamanga ndi jakisoni uja. Kuphuphako kunaleka, koma Loyce sanatsekule maso. Kunabweranso kachiwiri, ndipo panalibe chobaya.

Dyson anafika ndi kagalimoto kotuta chimanga. Anamugoneka Loyce pamwamba pa matumba, mutu uli pamiyendo ya Hilda, ulendo wa kuchipatala chachikulu cha mishoni. Mayi Gondwe anawaperekeza mpaka pamsewu.

"Mukalembe mayesowo, mukakhoze," anauza Hilda. "Kenako mudzabwere, mudzandilandire makiyi a kabatiyi."

Kumishoni Loyce anamuchita opaleshoni. Mwana, wamwamuna, anali atafa kale. Loyce anatsitsimuka patapita masiku, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, pakamwa patapotoka. Mawu ankatuluka okokeka, ovuta kumva. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika.

Amayi awo anabwera kudzadikirira matenda. Sanalankhule ndi Hilda mpaka tsiku lomwe anakumana kumpopi wa kuseri kwa wodi, aliyense ndi beseni lake.

"Anali bwinobwino mwana wanga," anatero mayiwo. "Amadya, amaseka, amapita kumjigo. Wabwera iwe ndi mabuku ako, wamuwerengetsa matenda ndi pakamwa pake. Wati akomoka. Wakomokadi. Wakondwa?"

"Amayi, matendawo analipo kale."

"Analipo kale? Nanga masiku onse aja unali naye pakhonde sunawaone bwanji, iwe wophunzira?"

Funso limenelo Hilda anali atadzifunsa kale yekha, ndipo linkamuwawa kuposa zamalodzazo. Anatunga madzi n'kubwerera kuwodi.

Anaganiza zosiya mayeso kuti adzalembe chaka china. Dyson ndiye anamukaniza. Anati kukhala kwake sikudzutsa dzanja la munthu, ndipo anamunyamula yekha panjinga kukamusiya pokwerera basi.

Analemba. M'holo ya mayeso dzanja linkangoyenda lokha, mtima uli kwina. Anzake potuluka ankafunsana mayankho, ena akulira, ena akuvina. Iye ankangopita kukagona.

Zotsatira zinatuluka mvula itayamba. Anakhoza bwino kwambiri, ndipo boma linamutumiza ku Mchinji. Atapita kumudzi kukatsanzika anapeza Dyson kulibe. Anthu anati anawolokera ku Mozambiki kukagula nyemba ndipo sanabwerere. Zida zake zokonzera njinga anali atazitenga zonse. Loyce ankakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, tsitsi losapesa, akuyesa kusenda nandolo ndi dzanja limodzi.

Amayi awo atamva za kukhozako analulutira mudzi wonse unamva. Anapha nkhuku. Ankauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo tsopano ndi dokotala wa boma, ndipo amayi oyandikana nawo anabwera ndi ana achifuwa kuti awaone. Hilda anawaona onse, mmodzimmodzi, n'kuwauza kuti apite kuchipatala, akudziwa bwino zomwe akapezeko.

Atamwazikana anthu, anamusambitsa mkulu wake, namupesa tsitsi, namuwongola zala za dzanja lofookalo chimodzichimodzi. Kenako anakawapeza amayi kukhitchini.

"Kumene ndikupitako andipatsa nyumba. Ndiwatenge achemwali. Kuli chipatala chachikulu, angamawaphunzitse kuyenda."

Mayiwo sanatembenuke.

"Umusiye. Zomwe unamuchitira zakwana."

"Amayi..."

"Uzingotumiza sopo ndi shuga. Odwala ako ukawapeza konko."

Hilda anafunsa mwiniwake. Loyce anayang'ana kukhitchini, anayang'ana mng'ono wake, kenako anapukusa mutu. Ananena mawu ena ataliatali omwe Hilda sanawamve, ndipo anachita manyazi kumuuza kuti abwereze.

M'mawa mwake ananyamula chikwama n'kulowera kumsewu. Amayi anamuperekeza mpaka pamjigo, akuuza amayi otunga madzi kuti adokotala akunyamuka.