Jombo za Kenan

Mukapita ku koleji yathu yakale ya aphunzitsi, kufupi ndi Uliwa, mukapeza pakhoma chithunzi cha timu yoyamba ya mpira, ya mu 1968. Musachikhulupirire. Ine Lyson ndinali goloboyi wa timu imeneyo, ndipo ndikuti chithunzicho n'chabodza. Mpaka lero ndikachikumbuka mtima umandiwawa.

Chaka chimenecho tonse tinkasewera opanda nsapato. Bwalo tinalambula tokha, zigoli zinali zansungwi. Koma tinali ndi Kenan Mwalughali wa ku Ngara, mwana wa mayi wamasiye, amene mudzi wonse unkadikira kuti adzakhale mphunzitsi woyamba kutuluka kumeneko. Phazi la Kenan linali lotambalala ngati khasu, chala chachikulu chili pachokha. Akaumenya mpira ndi chala chimenecho, goloboyi ankangomva mphepo. Alimi a mpunga a ku Wovwe tinawakwapula. Asodzi akwawo kwa Kenan tinawakwapulanso, mpaka amalume ake anamumana usipa. Tinafika mu ndime yomaliza ya chikho, yokumana ndi makalaliki a ku Karonga Boma pabwalo lathu lomwe.

Ndiye kunamveka zoti mlendo wolemekezeka adzakhala Wapampando wa chipani. Mkulu wa koleji, a Gray Namakhwa, munthu amene chaka chonse sanapondepo pabwalo, mwadzidzidzi anaukonda mpira. Anatisonkhanitsa, katoni ili pambali pawo.

"Dziko lino linalandira ufulu," anatero. "Simungaonekere pamaso pa a Wapampando ngati abusa a ng'ombe. Nazi jombo. Wovula jombo m'bwalo wanyoza mlendo, wanyoza chipani, ndipo koleji ino aiiwale."

Jombo zake zotani! Zikopa zouma gwa, zamisomali kunsi, zonse saizi imodzi. Tinaziona koyamba madzulo, mpira uli mawa lake.

"Bwana, phazi langa silikulowa," anatero Kenan mwaulemu.

"Lilowa," anayankha a Namakhwa. "Ulikankhe."

Linalowadi, koma luso la mpira linatuluka. Chigawo choyamba tinkangopunthwa, kumenya nthaka m'malo mwa mpira. Makalaliki, amene jombo anazizolowera, anandimwetsa chigoli chimodzi akuseka. Popumulira ndinaona magazi akutuluka m'mabowo a zingwe za jombo ya Kenan. Ndinamunong'oneza m'Chitumbuka kuti a Namakhwa asamve: "Pirira, m'bale wanga. Amayi ako akudikira satifiketi, chikho alibe nacho ntchito." Iye anagwedeza mutu kuvomera.

Anapiriradi, mpaka wotchinga kumbuyo wa makalaliki anamuponda dala pachala chija n'kumufunsa, "Aphunzitsi, mwaiwala kuyenda?" Anthu a ku Ngara, amene anabwera wapansi kudzaonera mwana wawo, anayamba kukuwa m'Chitumbuka kuti avule jombozo, "Vula skapato! Vula skapato!" Kenan anakhala pansi, namasula zingwe, n'kukaika jombo zija bwinobwino kunja kwa mzere. Kumapazi kunali matuza okhaokha ophulika.

Abale, zimene ndinaona! Chigoli choyamba anachimwetsa ali kutali, goloboyi wawo akukonzabe kapusi. Chachiwiri anadutsa anthu atatu, wompondayo n'kumusiya atakhala pansi. Amayi a ku Ngara analowa m'bwalo ndi nthungululu, woyimbira mpira n'kulephera kuwatulutsa. Ndipo imvani ichi: a Wapampando eniakewo anaimirira n'kuwomba m'manja! Anatipatsa chikho, anamugwira Kenan chanza, anadya mpunga wawo n'kumapita. Palibe ananyozeka, ndikulumbira.

Koma a Namakhwa anali ndi mantha awoawo. Ankati wina akhoza kukanena kumtunda kuti pakoleji pawo wophunzira anataya jombo pamaso pa chipani, iwo n'kungoyang'ana. Lolemba m'mawa anamuitana Kenan n'kumuuza kuti alongedze. Tinapita timu yonse kukagwada pakhomo pa ofesi.

"Bwana, watibweretsera chikho," ndinatero ine. "Mapazi ake mwawaona?"

"Lamulo ndinalinena pamaso pa nonse," anayankha. "Wina akawonjezera mawu, amutsatire."

Lamulo! Lamulo la jombo! Munthu wamkulu, wophunzira, kuphwanya tsogolo la mwana wamasiye pofuna kuteteza mpando umene panalibe ndi mmodzi yemwe woulanda.

Tsiku lomwelo kunabwera wojambula zithunzi wochokera ku Boma. Anatiimika pabwalo, jombo kumapazi. Pamalo pa Kenan anaikapo Reginald, mphwawo wa a Namakhwa, mnyamata amene mpira ankauthawa ukamabwera. Anamuveka malaya a Kenan ndi jombo zomwe zija, magazi atangowapukuta, n'kumupatsa chikho kuti anyamule. Iyeyo zinamukwana bwino.

Wojambula anati timwetulire. Nthawi yomweyo, chapambali, pamsewu wopita ku Ngara, tinaona Kenan atasenza bokosi lake lachitsulo, akutsimphina, mapazi atawakulunga ndi nsanza. Sanacheuke. Uphunzitsi sanaupezenso; anakalamba akukoka makoka.

Choncho mukakaima pa chithunzicho, mawu olembedwa pansi pake musavutike nawo, dzina lake palibe. Mukayang'ane maso athu. Oyang'ana kutsogolo ndi awiri okha, a Namakhwa ndi Reginald. Enafe tonse tikuyang'ana kumsewu.