Mbale Yong'aluka M'mphepete

"Kodi anthu a mabukuwa andidziwira kuti ine?" anafunsa achimwene ake a Mzime.

Akazi awo, alamu ake a Mzime, anapitiriza kusita malaya. Mzime anangoti chilili pakhomo, maso ali pa pepala limene achimwene ake analigwira ndi zala zautuchi.

Pepalalo linachokera kwa akonzi a buku la ndakatulo za alembi atsopano. Ya Mzime inali italowa, koyamba chibadwire, ndipo anamupatsa mpaka masana a tsikulo kuti anene ngati pali cholakwika asanasindikize.

Cholakwika chinalipo, chilembo chimodzi. Iye analakatula za mbale yachitsulo imene ankadyera ku koleji, mutu wake "Mbale Yanga". Wina ku ofesiko, poyesa akuthandiza, anakonza kuti "Mbale Wanga".

Achimwenewo anali kalipentala. Ndiwo anamulera Mzime chimwalirireni bambo awo, ndipo mawu awo pa sabata sankakwana khumi. Lero anabwereka magalasi a akazi awo n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"'Iwe wong'aluka m'mphepete.' Mwamva, mayi? Chipsera cha macheka chija ichi."

"Kapena akunena dazilo," anatero alamu, osadzutsa mutu.

"'Ndakugwetsa kangati, koma sunasweke. Zaka zinayi wandidyetsa osadandaula.'"

Apa achimwene anasiya kuwerenga. Anatsokomola kawiri, n'kunamizira utuchi.

Mzime anayasama kuti afotokoze. Alamu anamuyang'ana, kenaka anaponya diso pansi pa tebulo, pamene mbale yeniyeniyo inali phee, itadzaza misomali yopindika. Anatembenuza malaya n'kupitiriza kusita.

"Koma apa ndiye pandivuta," achimwene anakanda pamutu. "'Ndikakukwecha umawala ngati watsopano.'"

"Akuti muzisamba," anatero alamu.

"Iwe Mzime, zoona?"

"Ndakatulo, achimwene, aliyense amaimva m'mene waimvera."

"Eya, n'zozama," anavomereza. "Sukulu ija sinapite pachabe."

Mzime anaganiza za aphunzitsi ake a ku koleji, amene ankazunguliza chilembo chilichonse cholakwika ndi inki yofiira. Akadzatsegula bukulo adzati mtsikana uja tsopano akukwecha achimwene ake. Ndipo chimene chasindikizidwa sichifufutika.

Achimwene anapinda pepalalo mosamala, kuposa m'mene amapindira chilichonse, n'kuliika m'thumba la pachifuwa.

"Ndikawaonetse anzanga kuntchito. Mlonda uja amati ine sindidziwika kulikonse." Atafika pakhomo anaima, osacheuka. "Ndimayesa sunkaona, iwe."

Anatuluka ndi magalasi a eni ake ali kumaso.

Foni ya Mzime inalira. Anali mkonzi, mawu ake othamanga, makina akulira kumbuyo kwake.

"Chemwali, tsamba lanu mwaliona? Chilipo chokonza? Tikufuna titseke."

Alamu anaimika simbi, n'kutchera khutu mosabisa.

"Mutuwo usiyeni momwemo," anatero Mzime. "Mzere wokwechawonso ukhale."