Maso Asanu ndi Kangowe

1.
Zofunika popanga kangowe komangira mkanda wa m'khosi wa mizere isanu:
waya wa mkuwa wochotsa m'mota wa fani yakupsa,
pulayala ya mlomo wosongoka,
msomali wozungulizapo maso olowetsamo ulusi,
tupa,
kahamala,
manja awiri.

Yotamu ali nazo zonse kupatula chomalizacho.

2.
Linali Lachiwiri m'mawa, pabenchi yake kumsika wa ku Mchesi. Maso atatu anali atapinda kale, akuyamba lachinayi, pulayala inagwa. Anawerama kuti aitole, dzanja lamanja linakana kutsika naye. Anaitana mkazi wake Elube, yemwe ankatunga mikanda pambali pake monga mwa masiku onse, koma chomwe chinatuluka pakamwa sichinali dzina la munthu.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo anati ubwerera pang'onopang'ono. Za dzanja ndi lilime anati tiyeni tione.

3.
Mawu onse anasamuka. Anatsala amodzi.

Mwadzuka bwanji bambo, Elube amafunsa.
Basi.
Phala ndithire shuga?
Basi.
Pakupweteka ndi pati?
Basi.

M'mutu muli zonse. Muli dzina la mkazi wake, muli nyimbo za ku Sande sukulu, muli kunenepa kwa waya uliwonse womwe anaugwirapo. Koma zikafika pakhomo la pakamwa zimapanikizana ngati anthu pachitseko cha minibasi, n'kutulukapo kamodzi komweko.

Sabata yachitatu anatembenukira kukhoma. Phala linkabwerera momwe labwerera.

4.
Mkulu wake, a Gidiyoni, anabwera kuchokera ku Kasiya, chipewa chili m'manja. Sanali munthu woipa. Anaima pakhomo la chipinda n'kuyang'ana msana wa mng'ono wawo, nthiti zikuwerengeka pansi pa malaya.

Alamu, munthu uyu ndimutenga. Akuferani m'manja muno m'tauni.
Achimwene, tiwapatse nthawi, Elube anatero.
Nthawi yake iti? Sakudya. Loweruka la sabata yamawa ndibwera ndi galimoto. Yotamu, tipite kumudzi, si choncho?
Basi.
Mwamva nokha, alamu.

Yotamu ankakudziwa kumudziko. Matenda omwewa anagwira malume awo. Ankawagoneka pamphasa kuseri kwa nyumba, kumawakoka kutsata mthunzi ngati ufa woyanika, ntchentche pamlomo, miyezi isanu ndi itatu. Ndiwo manda ake amenewo, oyamba munthu akupuma. Anafuna kukuwa kuti ayi. Anafunanso kuti Loweruka lisamupeze wamoyo.

5.
Iwe Yotamu, ukukumbukira chaka choyamba cha ukwati wanu? Unapita kukamwa madzi, pobwera unapeza mkazi wako atanyamula pulayala yako, akuyeza pakachidutswa ka waya. Unamulanda pamaso pa anthu. Unati mikanda ndi yanu, waya ndi wanga, aliyense akhale pake. Iye anati pepani bambo. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapita, iye akutunga, iwe ukutseka. Mkanda wopanda kangowe ndi mulu wa timiyala, unkatero uli n'kuseka. Ndiwe unkatero.

6.
Lolemba, Elube analowa m'chipinda ndi bokosi la zipangizo. Anakhala pansi, pafupi ndi bedi, nayamba kulankhula ndi msana wa mwamuna wake.

Amayi a kwaya aja, a Mai Kaliwo, abweranso. Mikanda yawo khumi ndi inayi ndatunga yonse, mizere isanuisanu, yoyera ndi yofiirira. Chikondwerero chawo ndi Lamulungu likubwerali. Chatsala n'chotsekera. Ndiyesa ndekha.

Anatsegula bokosi.

Kenaka phokoso. Khethe. Khethe. Munthu wodula waya ndi pakamwa pa pulayala m'malo mwa pakhosi pake. Munthu wozunguliza pamsomali mopita kumanzere kenaka n'kusintha maganizo. Yotamu anatseka maso, koma makutu alibe zikope.

Pinda. Zunguliza. Tsina. Menya.
Ndi zinayi zokha. Mwana angathe.

Khethe.

Anatembenuka.

7.
Zimene Elube analakwitsa tsiku limenelo:
diso loyamba lalikulu loti n'kulowa chala,
lachiwiri laling'ono loti ulusi sungapite,
lachitatu loyang'ana kumwamba anzake akuyang'ana pansi,
anaiwala lachinayi,
nsonga anaisiya yakuthwa yoti n'kung'amba khosi la woimba,
anamenya chala chake ndi kahamala,
anapinda malo amodzi kanayi mpaka waya unathyoka.

Kenaka anakweza chinthucho m'mwamba nati bambo, chakhala bwino?

8.
Basi, Yotamu anatero, basi, basi, ndipo anaponya dzanja lamanzere kuti alande chinthucho koma bedi linali lalitali kuposa momwe ankalikumbukira ndipo thupi linatsata dzanja, mbali yakufayo ikubwera pambuyo ngati thumba la chimanga lomangidwa kwa munthu wamoyo, anagwa chamutu pasimenti, mlomo unang'ambika, Elube anafuna kumudzutsa koma iye anamukankha nakwawa ndi chigongono chimodzi mpaka pabokosi, malovu ndi magazi zikudontha pamalaya, anagwira pulayala ndi dzanja lomwe moyo wake wonse ntchito yake inali yongogwirizira, anafinya, waya unaterereka, anafinyanso, unaterereka n'kumubaya m'chikhatho, analuma msomali ndi mano kuti uime koma mbali imodzi ya nsagwada sinagwire, msomali unagwa n'kugubudukira pansi pa bedi ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi chimodzi yemwe ankapanga tingowe makumi atatu dzuwa lisanafike pamutu anagona chafufumimba n'kulira ngati ng'ombe yomangidwa miyendo

Elube analowa pansi pa bedi natulutsa msomali uja.
Ndigwire pati?

9.
Madzulo a tsikulo anadya phala. Theka la mbale. Popanda mphamvu pulayala siitsekeka, ndipo iye anaziona yekha.

10.
Lachitatu anatulutsa benchi pakhonde. Elube amagwira msomali, Yotamu amazunguliza ndi lamanzere. Elube akapendeketsa, Yotamu amamugunda ndi bondo. Basi wamfupi ndiye kuti imani. Basi wautali ndiye kuti kokani. Basi wa m'mphuno ndiye kuti mwaononganso.

Pinda. Zunguliza. Tsina. Menya.

Kangowe koyamba kanatha dzuwa litapendeka. Elube anamangirira mizere isanu, uliwonse padiso lake, navala m'khosi. Atangotembenuza mutu, diso lapakati linayasama. Mikanda inamwazika pakhonde lonse, ina m'ngalande, ina nkhuku za aneba zinathamangira.

Elube anatola mpaka msana kuwawa. Yotamu anangoyang'ana dzanja lake lamanja lili pantchafu, lotupa, zala zopindikira m'kati ngati mwana wa mbalame wakufa.

Atsala masiku atatu kuti galimoto ifike.

11.
Mai Kaliwo, mtsogoleri wa kwaya, anafika Lachinayi ndi ambulera yawo. Anapereka moni kwa Yotamu mokweza mawu ngati kuti matenda ali m'makutu.

Mai, anatero kwa Elube, bwanji osangogula zotsekera za m'sitolo m'tauni?
Zija zili ndi diso limodzi, mayi. Mizere isanu padiso limodzi imapotana, mufika pa nyimbo yachiwiri muli ndi chingwe cha mbuzi m'khosi.
Nanga zatha zingati?
Chimodzi.
Chimodzi. Mai, ife tasoketsa kale madiresi. Mukadziwa kuti simutha, nenani lero.

Elube anayang'ana mwamuna wake. Sanamuthandize. Anangomuyang'ana mpaka Mai Kaliwo nawo anatembenuka.

Basi, Yotamu anatero, namenya pabenchi ndi pulayala.
Akuti mudzazipeza, Elube anatero.

12.
Ine ndi amene ndinamuletsa. Ine. Ndikanamusiya tsiku lija bwenzi lero akudya ndi manja ake. Ndikapita ku Kasiya adzatsala ndi mikanda yosatseka, thumba lonse. Mkazi wanzeru pa zonse, koma waya ukalowa m'manja mwake amasanduka chitsiru. Sindingafe sabata ino. Sindingapite. Ambuye, ndibwerekeni chala chimodzi chokha, chachikuluchi.

13.
Chala sichinabwere. Koma Lachisanu Elube ananyamula dzanja lakufa lija n'kulikhazika pamwamba pa waya, pabenchi.

Likulemera bwino ili, anatero. Ligwireko ntchito, lisamangodya.

Ndipo linagwira. Waya sunaterereke. Yotamu anatsamira ndi phewa, kulemera konse kunatsikira padzanjalo, lamanzere linazunguliza. Diso. Diso. Diso. Diso. Diso. Okhota, koma otsekeka. Kahamala kanagogoda mpaka mkuwa unauma.

Dzuwa polowa zotsekera zinali zisanu.

14.
Galimoto inafika Loweruka cha m'ma teni, kapikapu kobwereka, matiresi atayala kale kumbuyo. A Gidiyoni anapeza mng'ono wawo pakhonde, waya m'kamwa.

Alamu, katundu wake ali kuti?
Afunseni eni ake, achimwene.
Yotamu, tiye. Wavutika mokwana.
Basi.
Mwamva.

Anamugwira m'khwapa kuti amunyamule. Yotamu anakolowetsa mwendo wamoyo kumwendo wa benchi. Anakoka, benchi inabwera nawo, bokosi linagwa, zipangizo mbwee. Anakokanso. Yotamu anawaluma padzanja.

A Gidiyoni anamusiya. Anayang'ana mano pakhungu lawo, kenaka mng'ono wawo, yemwe ankapuma ngati wathamanga mtunda, maso ali gwa.

Munthu wofuna kufa saluma, Elube anatero. Khalani pansi muone.

Anakhala. Anaonera ola lathunthu kangowe kachisanu ndi chimodzi kakubadwa, thukuta likugwera pamkuwa. Katatha, Yotamu anakakankhira kwa iwo. A Gidiyoni anakoka mbali ziwirizo ndi manja awo a khasu. Anakokanso mpaka mitsempha kutuluka. Sikanatseguke.

Anavala chipewa.
Ndibweranso mvula ikagwa. Akadzabwerera kukhoma, alamu, sindidzafunsanso munthu.

Galimoto inapita ndi matiresi ake.

15.
Masana Elube anakulunga mikanda yonse khumi ndi inayi m'chitenje.
Isanu ndi umodzi yatha, bambo. Yotsalayo ndikawapempha amayi a kwaya amange ndi ulusi, akwiye akwiye.
Yotamu anagwedeza mutu, manyazi ali pankhope. Dzanja lamanzere linali likufunafuna kale waya wina.

Elube anayenda mpaka kuseri kwa tchalitchi, pomwe kwaya inkayeserera. Anakhala pansi pa mtengo wa mthethe. M'thumba la diresi anatulutsa pulayala ina, yaing'ono, zogwirira zake zitasalala ndi ntchito. Waya anayeza ndi diso. Zala zinathamanga. Maso asanu ofanana ngati ana a mimba imodzi, kangowe kopindika ngati khosi la kakowa, ndipo kwaya isanamalize nyimbo iye anali atayamba kachiwiri. Kalikonse akamaliza ankakapotoza pang'ono kuti kafanane ndi tisanu ndi kamodzi tija.

Mai Kaliwo anatuluka kudzataya madzi, naima.

Mai. Kodi mumatha?
Ndimatha.
Chiyambire liti?
Kale. Loweruka lililonse akapita kukasaka mawaya, ine ndinkatsala ndi zidutswa.
Ndiye sabata yonseyi mwatizunziranji? Mwamuzunziranji munthu wodwala?

Elube sanakweze mutu. Anatsina diso lachinayi.

Ndinawanyengerera, sanadye. Ndinapemphera, sanatembenuke. Ndinalira, anatseka maso. Chimene bambo aja sangapirire n'chimodzi, kuona waya ukuonongeka. Musakawauze, mayi. Akadzadziwa kuti ndingathe popanda iwo, tiika maliro mwezi uno.

Mai Kaliwo anataya madzi a m'beseni aja. Kenaka analowanso.

Pobwerera Elube anayenda pang'onopang'ono. Mawa kuli mkanda wina woti ayambe, wa mizere isanu ndi iwiri, ndipo ayenera kuulakwitsa. Kuiwala diso anachita kale. Kuthyola waya anachita kale, kawiri. Mwamuna wake si wopusa, ndipo dzulo anamuyang'ana m'manja nthawi yaitali. Mvula ikadali kutali miyezi itatu.

Anafika pampanda wa nyumba yawo asanapeze cholakwitsa chatsopano. M'kati kahamala kankagogoda. Anaima panja, chala chake chili m'kamwa, akusankha pomwe adzachimenye.