Kiyi wa Chipinda 14

Ankasamuka. Katundu yense pa lole: bedi, firiji, mipando miyendo m'mwamba. Apongozi anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Wogulitsa penti ndi mkazi wake, mphunzitsi wa sayansi, anadzipanikiza pamatiresi kuseri kwa kabini, komwe mphepo siivuta kwenikweni.

Mkazi anati akumva kuzizira, abwerekeko jekete. Bamboyo anavomera mwaulemu, koma dzanja linayamba lafufuza m'thumba. Linakhudza chitsulo. Kiyi wa kunyumba yogona alendo, womangiriridwa ku chimkuwa cholemera cholembedwa 14. Lachiwiri lapitalo anauza mkazi wake kuti wagona kudepoti, kudikira katundu.

Amutayire kuti? Kumanzere firiji. Kumanja mkazi. Kumbuyo kabati. Kunatsala kumwamba. Nzeru inabwera yokha, yaulere: lole ikuthamanga, kiyi akakwera ife tidutsa, iye akagwera mumsewu kumbuyo. Phula silichita miseche.

Anafumbata kiyi, n'kupereka jekete. Analoza chikwangwani chakutali, mkazi n'kucheuka. Kiyi m'mwamba.

Anakwera bwino ndithu. Anaima pang'ono ngati akuganizira. Kenaka anatsika, thi, pamiyendo pa aphunzitsi.

Mkaziyo anamutola, n'kuwerenga nambala. Sanakweze mawu. Anafotokoza ngati ali m'kalasi la ana aulesi. Kiyi asanachoke m'manja anali kale ndi liwiro la lole, ndipo kumuponya m'mwamba sikumulanda liwirolo. Munthu woima m'mbali mwa msewu akanamuona akukhota ngati uta, kulowera kutsogolo pamodzi ndi lole. Kwa okwera, wangokwera n'kutsika pomwepo.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuchonga mayeso patebulo lomwe mumadyerapo, bambo. Funso limeneli ngakhale ana okhala kumbuyo salakwa."

Bamboyo anayesa kunama zoti mwina kiyiyo wagwa kuchokera panyumba yosanja. Mkazi anayang'ana kumwamba. Mitambo yokhayokha.

"Mukanadikira dalaivala aponde mafuta, lole ikanamusiyadi kumbuyo. Mukanapulumuka. Koma kudikira inu simukudziwa."

Anagogoda pakabini. Lole inaima. Apongozi anasuzumira pazenera kufunsa ngati chagwa china. Mwana wawo, mphunzitsiyo, anati ayi, pali wina akutsika.

Anaika kiyi uja m'manja mwa mwamuna wake, n'kumupinda zala bwinobwino kuti asamutayenso.

"Tsikani. Pogona muli napo kale."

Jekete sanabweze. Lole inanyamuka. Ulendo uno, chotsala kumbuyo chinatsaladi.