Zelipa ndi Ndege Yopanda Injini

Zelipa anagulitsa tomato pa msika wa Lunzu zaka khumi ndi zinayi, ndipo panalibe kasitomala amene anamupusitsapo. Atabwera ku Canada n'kumakhala m'fulati ya pamwamba ku Mississauga, khalidwe la pamsika silinamuchoke. Ankanenerera chilichonse, ngakhale m'masitolo momwe mtengo ndi wolembalemba, mpaka mwana wake Nthanda kumabisala kuseri kwa mashelefu ndi manyazi.

Nthandayo, mtsikana wa zaka sikisitini, ndi amene anabweretsa mavuto m'nyumba. Anali atalowa kalabu ina kunja kwa tauni, komwe amaphunzitsa kuuluka ndi ndege yopanda injini. Amati gilaida. Ndege ina imaikoka ndi chingwe mpaka kumwamba, kenako chingwe n'kumasula, munthu n'kutsala yekha ndi mphepo.

"Ndiye injiniyo anaba ndani?" Zelipa anafunsa.

"Palibe anaba, Mami. Amaipanga choncho."

"Amaipanga choncho! Ku Lunzu minibasi yopanda injini timagonekamo nkhuku."

Chilimwe chonse mwanayo ankauluka ndi mphunzitsi wake, bambo Norbert, atakhala kumbuyo kwake. Zimenezo Zelipa ankazipirira, poti akagwa agwa ndi munthu wamkulu. Koma tsopano Nthanda ankafuna kuuluka yekha, ndipo kalabuyo inati pakufunika zinthu ziwiri: akhoze mayeso olemba a boma, ndiponso makolo onse awiri asaine fomu. Bambo ake, a Jailosi, omwe amakweza zikwama pa bwalo la ndege, anasaina ali chiimire, jekete asanavule n'komwe. Mzere wa Zelipa ndiwo unatsala woyera.

Kukana poyera sakanatha, chifukwa mwanayo akanafufuma mwezi wathunthu. Ndiye anachita zomwe ankadziwa.

"Bomalo likufuna malikisi angati?"

"Sikisite pa handiredi."

"Boma silinakubale. Ine ndikufuna nainte-faifi."

"Mami, that's not fair! Sevente."

"Nainte."

"Sevente-faifi, please."

Zelipa anadzuka n'kulowera kukhitchini ngati nkhani yatha, n'kuyamba kugubuduza mapoto oyera kale. Posakhalitsa mawu anamulondola.

"Okay! Eyite-faifi."

"Bambo a Nthanda, mwamva? Eyite-faifi ndisaina. Ikaperewera ngakhale imodzi, za ndege zathera pomwepo, ayambe kuganiza za unesi."

"Ndamva, mayi," a Jailosi anayankha maso ali pa foni. "Koma mwana ameneyu ndi wanu. Musadzati sindinanene."

Nthanda analemba mafunso pa timakadi, mazana atatu ndi kanthu. Kutsogolo funso ndi mayankho anayi, kumbuyo chilembo chimodzi chachikulu: A, B, C kapena D. Zelipa sukulu anailekeza Sitandade 4, Chingerezi cha m'buku chinkamuzunguza mutu, koma zilembo zinayi zokha ankazidziwa bwino. Anadzipereka yekha kuti azimufunsa mwanayo. A Jailosi anadabwa kwambiri ndi mtima wabwinowo.

Mtima wabwino wake uti! Zelipa anali ndi pulani. Ku Lunzu m'mawa uliwonse ankasankha tomato: wolimba abwerere m'dengu, woyamba kuvunda akhale patsogolo pa benchi. Ndiye anachita chimodzimodzi ndi makadi. Funso limene Nthanda wakhoza, ankaliponya m'chitini cha mabisiketi n'kutseka. Limene walakwa, ankaliika pa mulu wa patebulo, mawa liyambirire kutuluka. Anawerengera kuti mwana akamalephera tsiku ndi tsiku, osalawako kukhoza, mtima udzafooka, mabuku adzawataya yekha, ndipo iye adzangoti, "Pepa mwanawe, ndinayesetsa kukuthandiza."

Madzulo aliwonse akaweruka kochapa zovala ku nyumba ya okalamba, ankakhala patebulo nsapato za sinowo zili kumapazi, n'kutukula kadi.

"Werenga. Msanga, ndili ndi zochita."

Nthanda ankawerenga m'Chingerezi, n'kutchula chilembo.

"B."

"Bodza. Ndi D. Kodi funsolo likuti chiyani?"

"Likuti, ndege ziwiri zikakumana face to face, zitani?"

"Ndiye D akuti chiyani?"

"Aliyense akhotere kumanja."

"Basi? Zimenezo ngakhale mbuzi pa mlatho zimadziwa. Pa mulu!"

Sabata yoyamba pulani inayenda ngati mafuta. Mulu unatalika. Mafunso a kampasi, yomwe akuti siloza kumpoto kwenikweni, ankamuliza mwanayo. A mitambo ndiye osanena. Tsiku lina anagwetsa mutu patebulo n'kunena kuti mwina ndi mbuli basi. Zelipa anamusisita pamsana, nkhope yachisoni, mumtima akuvina.

Koma m'mawa mwake anapeza mwanayo wadzuka kale, buku lili pafupi ndi mbale ya phala, akujambula timivi pa pepala.

Sabata yachitatu mulu unayamba kutsika. Chitini cha mabisiketi chinadzaza mpaka chivindikiro kukana. Zelipa ankatukula kadi la kampasi lomwe lija, lakuda ndi zala, mwana n'kuyankha asanamalize kuwerenga. Choipa china, mayankhowo anayamba kumukakamira iyeyo. Tsiku lina ali pa siteji ya basi anayang'ana kumwamba n'kuuza mayi wina wosamudziwa kuti mtambo uwo, wotukuka pamwamba ngati kolifulawa, pansi pake pali mpweya wokwera. Mayiyo anasendera kutali.

Pamene patebulo panatsala makadi asanu ndi awiri, Zelipa anaona kuti malonda akuwonongeka. Loweruka anauza a Jailosi kuti amuperekeze ku kalabu. Ndege zinali zotsekeredwa m'shedi chifukwa cha chisanu, koma bambo Norbert analipo, akupukuta phiko. Anali mzungu wamtali, wa ndevu zoyera.

"Muwauze," Zelipa anatero kwa mwamuna wake, "kuti mafunso amene anapatsa mwana ndi a ana a mkaka. Ndikufuna ovuta. Amene ngakhale iwowo amawatulutsa thukuta."

A Jailosi anamasulira. Bambo Norbert anasiya nsanza, n'kugwira dzanja la Zelipa ndi manja awiri, n'kulankhula nthawi yaitali.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zaka zonse zimene aphunzitsa sanaonepo kholo lodzipereka ngati inu."

"Auzeni asiye zokamba zambiri, abweretse mafunso."

Bambo Norbert anabweretsa mtolo wa mapepala. Zelipa anauyeza m'manja n'kupukusa mutu.

"Basera palibe?"

Anamuwonjezera mapepala ena khumi, a malamulo a mumlengalenga. Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, mtolo ataukumbatira ngati mwana. Nthanda atauona anamupsompsona patsaya, n'kukhala pansi kuyamba kudula makadi atsopano. Mulu unatalikanso, misozi inabweranso. Patatha masabata awiri unatsikanso, mofulumira kuposa poyamba.

Kadi limodzi lokha ndi limene Zelipa sankaliponya m'chitini, ngakhale mwana alikhoze. Linali lofunsa zochita chingwe chikaduka ndege itangonyamuka kumene, ikadali pafupi ndi nthaka. Limenelo ankalitukula tsiku lililonse, pomaliza.

"Mami, ili ndinakhoza dzulo. Ndi dzana."

"Ndakufunsa za dzulo? Yankha."

Tsiku la mayeso anakwera basi ndi sitima ya pansi mpaka ku North York, komwe kuli ofesi ya boma. Nthanda analowa. Zelipa anakhala pa benchi n'kuyesa kupemphera, koma pemphero linamukanika. Akati, "Ambuye, alephere," pakamwa pankawawa. Akati, "Akhoze," ankakumbukira kadi la chingwe lija. Pomaliza anati, "Ambuye, mupatseni eyite-folo, tonse tisachite manyazi."

Mwana anatuluka ndi pepala, osaseka, osalira. Analiika m'manja mwa mayi ake. Manambala Zelipa sankafuna womuwerengera. Nainte-sikisi.

Anatembenuza pepalalo kuona ngati kumbuyo kuli zina. Kunalibe.

Kunyumba anapeza a Jailosi ataika kale fomu patebulo, cholembera pambali, iwo atakhala pa sofa ngati munthu wodikira mpira.

"Tinagwirizana zingati paja?" Zelipa anayamba. "Ine ndikukumbuka ngati ndinati handiredi."

"Eyite-faifi, mayi," a Jailosi anatero. "Mboni ndine."

"Inu musalowerere. Nthanda, tamvera. Uulukebe ndi bambo Norbert chaka chimodzi chokha, kenako tikambirane."

"Ayi."

"Miyezi sikisi."

Nthanda anakankha mpando. Anadzuka n'kulowera kukhitchini, n'kuyamba kugubuduza mapoto oyera kale. A Jailosi anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinanena ine! Komanso bambo Norbert aimba foni. Akupempha kuti mukaphunzitse makolo ena njira yanu ya milu iwiri ija. Akuti mwana wawauza kuti popanda inu sakanafika ngakhale sevente."

Zelipa anayang'ana chitini cha mabisiketi. Zaka khumi ndi zinayi pa Lunzu osapusitsidwa ndi munthu, lero wadzigulitsa yekha, wadzipatsanso basera. Anachita kukwera galimoto kukapempha mafunso owonjezera! Akanangomusiya mwanayo aziwerenga zomwe amadziwa kale, akusangalala, bwenzi pano akukamba za unesi.

"Iwe, bwera kuno. Usandiswere mapoto."

Nthanda anabwera n'kuima pakhomo la khitchini. Zelipa anakoka fomu, anagwira cholembera, n'kulemba dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Atamaliza sanaipereke. Anaiphimba ndi chikhato.

"Basera langa."

"Mami, deal inatha."

"Malonda satha popanda basera." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kadi lija, lopindika m'makona. Sanalitukule n'komwe. "Chingwe chaduka. Uli pafupi ndi nthaka. Kumbuyo kulibe Norbert. Utani?"

Nthanda anayamba kuyankha m'Chingerezi.

"M'Chichewa. Ndimve ndi ine."

"Nditsitsa mphuno ya ndege msanga, liwiro lisathe. Sinditembenuka kubwerera. Nditera kutsogolo."

"Ukachita mantha?"

"Mphuno pansi, Mami. Kutsogolo."

Zelipa anachotsa dzanja pa fomu. Kadi analibwezera m'thumba.

"Tenga. Koma tsiku limenelo ndikakhala pomwepo, ndipo mitambo ndikaiona ndekha. Ndikakaona wakuda wa mabingu uja wa pa makadi ako, wophwatalala pamwamba, sukwera, ngakhale Norbert wakoyo agwade."